Kodi Malo Otentha Kwambiri Amathawira Kuti?

Pa tsamba lathu la maphunziro ulendo uno tikambirana funso limodzi la masamu limene mwana wa Folomu 1 akhoza kulimva bwino-bwino, koma limene akatswiri a m'mayunivesite akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 50. Funsoli ndi ili. Tengani lata lophwatalala, mulidule m'maonekedwe alionse amene mwafuna. Mulitenthe ndi moto pena pake, kenaka mulikutire pamwamba, pansi ndi m'mphepete monse ndi chinthu chosalola kutentha kutuluka kapena kulowa. Kutentha kuja kuyamba kuyenda m'latamo, kuchoka kotentha kunka kozizira. Tsono patapita nthawi yaitali, malo otentha kuposa ena onse adzapezeka pati? Pakati pa lata, kapena m'mphepete?

Ambiri mwa ife tingafulumire kuyankha kuti ndi pomwe padakhudza moto paja. Yankho limeneli ndi loona kwa kanthawi kochepa chabe, pakuti nthawi ikamapita malo otenthawo amasamuka. M'chaka cha 1974, pa msonkhano wa akatswiri a masamu umene udachitikira pa yunivesite ya Tulane mu mzinda wa New Orleans ku America, mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Michigan, dzina lake Jeffrey Rauch, adapereka ganizo loti malo otentha koposa ndiponso malo ozizira koposa, onse amathawira m'mphepete mwa lata. Pa Chingerezi ganizoli amalitcha hot spots conjecture. Mau akuti conjecture amatanthauza chinthu chimene akatswiri akuchikhulupirira koma umboni wake sunapezeke. Ganizo la Rauch ndi loona pa malata ena, ndi labodza pa malata ena, ndipo pa malata amene amaoneka osavuta kweni-kweni mlanduwu sunagamulidwe.

Tiyambe ndi ndodo yachitsulo

Tisanafike pa lata, tiyeni titenge chinthu chapafupi: ndodo yachitsulo yotalika mita imodzi, yokutidwa bwino kuti kutentha kusatuluke. Tiitenthe pa malo amodzi, tinene masentimita 30 kuchokera kumanzere. Tikadikira mpaka kale-kale, ndodo yonse idzafunda mofanana, ndipo pamenepo funso lathu latha ntchito. Chimene tikufuna ife ndi kusiyana kochepa kumene kumatsala nthawi imeneyi isanakwane, pamene malo ena apitirira pang'ono mlingo wa pakati-kati ndipo ena aperewera pang'ono. Kuyambira pano ndikati kotentha ndikutanthauza kopitirira mlingo wa pakati-katiwo, ndipo ndikati kozizira ndikutanthauza koperewera.

Joseph Fourier wa ku France, m'buku lake la za kutentha la m'chaka cha 1822, adaonetsa kuti kusiyana kotereku, kukhale kosokonekera motani, kukhoza kugawidwa m'mafunde osavuta amene tidakumana nawo kale m'kalasi, mafunde a cosine aja. Ngati x ndi mtunda wochokera kumanzere m'mamita, funde loyamba ndi cos 180x, kuwerenga m'madigiri. Kumanzere kumene x ndi 0, limatipatsa 1. Pakati, pamene x ndi theka, limatipatsa cos 90, ndiye kuti 0. Kumanja limatipatsa cos 180, ndiye kuti −1. Choncho funde limeneli ndi lotentha mbali imodzi ndi lozizira mbali inayo. Funde lachiwiri ndi cos 360x, lotentha kumapeto konse kuwiri ndi lozizira pakati, kapena mosemphanitsa. Lachitatu ndi cos 540x, ndipo amapitirira motero osatha.

Chodabwitsa cha mafunde amenewa n'chakuti lililonse likamazilala silisintha maonekedwe ake. Limangofupika msinkhu paliponse mofanana, monga chithunzi chimene chikufufuma koma nkhope ndi yomweyo. Funde lotere ndilo akatswiri amalitcha eigenfunction, ndipo nambala yosonyeza liwiro limene likuzilalira amaitcha eigenvalue. Eigen ndi mau a Chijeremani otanthauza chake-chake, ndipo David Hilbert ndiye adawafalitsa m'masamu cha m'ma 1904. Tinganene kuti awa ndi mafunde ake-ake a ndodoyo, osati a moto umene udaitentha.

Tsono apa ndipo pagona nkhani. Mafundewa sazilala pa liwiro limodzi. Lachiwiri limazilala mwa liwiro loposa la loyamba ka 4, lachitatu ka 9, lachinayi ka 16. Pa ndodo yachitsulo ya mita imodzi, funde loyamba limatenga pafupi-fupi mphindi 50 kuti litsike kufika pa theka. M'mphindi 50 zomwezo lachiwiri lagawidwa pakati ka 4 ndipo latsala 1/16, pamene lachitatu lagawidwa pakati ka 9 ndipo latsala 1/512. Pakatha maola awiri ndi theka, loyamba likadali ndi 1/8 ya msinkhu wake pamene lachiwiri latsala 1/4096. Ndiye kuti kumapeto kwake funde limodzi lokha ndilo limaoneka, ndipo ine ndizilitcha funde lotsalira. Pa ndodo yathu, funde lotsalira lili ndi nsonga yake kumapeto kwa kumanzere. Moto udali pa masentimita 30, koma malo otentha koposa asamukira pa 0, ndipo ozizira koposa ali pa 100.

Wina wochenjera afunsa kuti, nanga tikatentha pakati peni-peni? Zoona, pamenepo mbali zonse ziwiri zimalandira mofanana, funde loyamba silibadwa n'komwe, ndipo pakati pamakhalabe potentha. Koma mukangophonya pakatipo ndi milimita imodzi, funde loyamba labadwa, ndipo ngakhale libadwe laling'ono lidzapambana anzake onse mukalipatsa nthawi. N'chifukwa chake ganizo la Rauch limanena za funde lotsaliralo, osati za katenthedwe kapadera kangati aka. Muzindikirenso kuti m'mabuku funde limeneli limatchedwa eigenfunction yachiwiri, kaamba koti iwo amawerenga kufunda kofanana paliponse ngati yoyamba, imene eigenvalue yake ndi 0 popeza sizilala.

Pa lata la rekitango zinthu zili chimodzi-modzi. Funde lotsalira ndi cosine yemweyo woyenda motsata mbali yaitali, kotero m'mphepete mwa mbali imodzi yaifupi ndimo motentha koposa, mwa inzake ndimo mozizira koposa. Pa lata lozungulira ngati chivundikiro cha poto, malo awiriwa amakhala m'mphepete moyang'anizana. Anzanga okonda masamu ayese sikweya ya mita imodzi, kumene cos 180x ndi cos 180y amazilala pa liwiro limodzi: aphatikizeni, muone ngodya imene nsonga igwere. Tsoka lake n'lakuti malata amene tingawawerengere ndi cholembera motere ndi owerengeka: rekitango, lozungulira, ndi mathirayango angapo apadera. Ena onse amafuna nzeru zina.

Ng'oma imachita zosiyana

Masamu omwewa ndiwo amalamulira kunjenjemera kwa chikopa cha ng'oma. Nayonso ng'oma ili ndi mafunde ake-ake, ndipo eigenvalue ya funde lililonse ndiyo imatiuza kukwera kwa liwu lake. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. M'mphepete mwa ng'oma chikopa chidakhomedwa, sichingasunthe, choncho funde lililonse liyenera kukhala 0 m'mphepete monse, ndipo nsonga yake ilibe kwina kopita koma mkati. Pa ng'oma yozungulira, funde la liwu lotsika koposa lili ndi nsonga yake pakati peni-peni. Oimba ng'oma akamamata phula pakati pa chikopa kuti liwu likule, amakhala akulemeretsa malo enieni amene amayenda kwambiri. Phula lomwelo atalimata m'mphepete, liwu silingasinthe kweni-kweni.

Funde lotsatira pa ng'oma yotere limanjenjemera mofulumira ka 1.59 kuposa loyamba. Theka la chikopa likamakwera theka lina limatsika, ndipo pali mzere wodutsa pakati umene susuntha. Nsonga zake zili pa 0.48 ya mtunda wochoka pakati kufika m'mphepete, tinene pafupi-fupi theka. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ng'oma imalirira mosiyana mukaimenya pakati ndi mukaimenya chakumbali. Mizere yosasunthayi adaionetsa poyera ndi Ernst Chladni wa ku Germany m'buku lake la 1787. Iye ankawaza mchenga pa timalata n'kumatikhukhuza m'mphepete ndi uta wa vayolini, ndipo mchenga unkathawa malo onjenjemera n'kusonkhana m'mizere yabata.

Mphepete yokhomedwa ngati ya ng'oma akatswiri amaitchula ndi dzina la Dirichlet, ndipo mphepete yotseka kutentha ngati ya lata lathu amaitchula ndi dzina la Neumann. Onse awiriwa adali akatswiri a ku Germany a zaka za m'ma 1800. Pa nkhani ya kutentha, mphepete ya Dirichlet ndi ija imene imataya kutentha kunja. Mtanda wa nsima umazizira kunja mkati mukadali moto, ndipo ine ndikuganiza kuti n'chifukwa chake ambirife mtima umatiuza kuti kutentha kumabisala pakati, pakuti zinthu zonse zimene tidazizolowera zimataya kutentha kunja. Lata la Rauch silitaya kanthu. Kutentha kwa mbali yotentha kulibe kwina kopita koma ku mbali yozizira, ndipo malo ochedwa kuzizira ayenera kukhala amene ali kutali kwambiri ndi mbali yozizirayo. Malo akutali koposa nthawi zambiri amakhala kumalire.

Funde la Neumann mukhoza kuliona ndi maso. Mgolo wa madzi ukakhala pa ngolo, madzi amayenda uku ndi uku, kukwera mbali imodzi n'kutsika mbali inayo. M'chiwiya cha makoma oongoka ndi pansi posalala, maonekedwe a pamwamba pa madzi pa kayendedwe kochedwa koposaka ndi funde lotsalira lomwe lija la lata lofanana ndi kukamwa kwa chiwiyacho. Madzi amakwera kwambiri pa khoma, ndipo ndi pomwepo amakhavukira. Katswiri wa ku Poland, Tadeusz Kulczycki, pamodzi ndi anzake adafufuza ziwiya zozungulira za makoma opendekeka. Adapeza kuti pamene khoma lapendekera mkati pamwamba pa madzi, monga m'chiwiya cha mimba yaikulu ndi kukamwa kopanikiza, nsonga ya funde imachoka pa khoma n'kulowa mkati. Amai athu amene amatunga madzi ndi mtsuko ali ndi chiwiya cha maonekedwe omwewo.

Chifukwa chiyani umboni ukuvuta?

Lamulo la kayendedwe ka kutentha palokha silikaniza nsonga kukhala mkati. Lamuloli limati malo amene ndi otentha kuposa oyandikana nawo amataya kutentha. Pa funde lotsalira, malo alionse otentha amayeneradi kumataya kutentha molingana ndi msinkhu wake. Nsonga yokhala mkati, yozunguliridwa ndi malo ofunda pang'ono, ikumvera malamulo onse awiri. Ndipo taona kale kuti pa ng'oma, imene imatsata lamulo lomweli, nsonga imakhaladi mkati. Choncho amene akufuna kutsimikiza ganizo la Rauch ayenera kugwiritsa ntchito maonekedwe a lata lonse, osati malo amodzi okha.

Pali chinthu chimodzi chimene tingachitsimikize ngakhale ife a ku sekondale, ngati tivomera kubwereka mfundo zitatu za akulu-akulu. Yoyamba ndi ya Richard Courant ya 1923, imene imatiuza kuti funde lotsalira limagawa lata m'zigawo ziwiri zokha, chotentha ndi chozizira, ndipo malire ake ndi mzere umene funde lili 0. Kodi chigawo chotentha chingakhale chilumba chosakhudza mphepete mwa lata? Tiyerekeze kuti chatero. Ndiye kuti mozungulira chilumbacho funde ndi 0, monga ng'oma yokhomedwa, ndipo eigenvalue ya ng'oma yaing'onoyi ndi yomweyo ya lata lonse, popeza ndi funde limodzi.

Tiyese lata lathu ndi muyeso woti kukula kwake kufanane ndi bwalo limene kuchoka pakati kufika m'mphepete ndi 1. Faber mu 1923 ndi Krahn mu 1925 adatsimikiza kuti mwa ng'oma zonse zofanana kukula, yozungulira ndiyo ili ndi eigenvalue yotsika koposa, ndipo tidziwa kuti ng'oma ikachepa nambalayi imakwera. Pa bwalo lathuli nambalayi ndi 2.405 kuchulukitsa ndi 2.405, ndiye kuti 5.78. Chilumba chija n'chochepa kuposa lata, kotero nambala yake siingatsike pansi pa 5.78. Mbali inayi, Szegő mu 1954 ndi Weinberger mu 1956 adatsimikiza kuti mwa malata onse otseka kutentha ofanana kukula, lozungulira ndilo lili ndi eigenvalue yokwera koposa ya funde lotsalira, imene ndi 1.841 kuchulukitsa ndi 1.841, ndiye kuti 3.39. Nambala imodzi siingakhale yosatsika pansi pa 5.78 komanso yosapitirira 3.39. Choncho chilumba n'chosatheka, ndipo zigawo zonse ziwiri ziyenera kukhudza mphepete.

Ine umboni umenewu umandikondweretsa chifukwa wagona pa kuyerekeza manambala awiri basi. Koma onani kuti sunatifikitse kumene tikupita. Watiuza kuti chigawo chotentha chimafika m'mphepete, osati kuti nsonga yake ili m'mphepetemo. Boma la m'mbali mwa nyanja likhoza kukhala ndi phiri lake lalitali koposa kutali ndi gombe.

Nyerere ziwiri zosokera

Kwa zaka 25 ganizo la Rauch lidayenda pang'ono chabe. Bernhard Kawohl adalitsimikiza mu 1985 pa maonekedwe ena apadera. Kusintha kweni-kweni kudabwera mu 1999 kudzera njira imene munthu sangaiyembekezere. Mu 1827 katswiri wa zomera Robert Brown adaona pa maikulosikopu tizidutswa tochokera mu mungu wa maluwa tikuyenda mozungulira-zungulira m'madzi popanda dongosolo, ndipo Albert Einstein adafotokoza mu 1905 kuti kayendedwe kameneka kamatsata masamu amodzi ndi kufalikira kwa kutentha. Tiyerekeze nyerere yosokera imene ikuyenda pa lata mosadziwa kolowera, ndipo ikagunda mphepete imabwezedwa mkati. Mukafuna kudziwa kutentha kwa malo ena pakatha ola limodzi, masulani nyerere zambiri-mbiri kuchokera pamenepo, muone kumene iliyonse yafika pakatha olalo, mulembe kutentha kumene malo amenewo adali nako poyamba, kenaka mupeze avereji. Yankho ndi lomwelo.

Rodrigo Bañuelos wa pa yunivesite ya Purdue ndi Krzysztof Burdzy wa pa yunivesite ya Washington adaganiza zomasula nyerere ziwiri nthawi imodzi, ina chakumanzere ina chakumanja, n'kuzilamula kuti ziziponda mapazi ofanana. Ina ikapita kumpoto inzake nayonso kumpoto. Zimasiyana pokhapo imodzi yagunda khoma n'kukankhidwa. Pa thirayango imene ngodya yake imodzi ndi yoposa madigiri 90, makoma adapendekeka mwa njira yoti kukankha kwawo sikungapititse nyerere ya kumanzere kumanja kwa inzake. Tsono ngati poyamba lata lidali lotentha kwambiri chakumanja, nyerere ya kumanja nthawi zonse idzafika pa malo amene adali otentha kuposa a inzake, kapena ofanana nawo. Ndiye kuti kutentha kudzakhala kukukwera chakumanja mpaka muyaya, ndipo nsonga ilibe poima kufikira pa ngodya yakuthwa ya kumanja. Malo ozizira koposa ali pa ngodya yakuthwa inayo. Mu 2000 David Jerison ndi Nikolai Nadirashvili adaonjezapo malata ena amene mukawapinda pakati, chopingasa kapena choimirira, mbali zake zimagwirizana.

Lata limene lidakana

Chaka chomwecho cha 1999, Burdzy yemweyo pamodzi ndi Wendelin Werner wa ku France adasindikiza m'magazini ya Annals of Mathematics lata la mabowo awiri limene nsonga yake yotentha ili mkati. Werner ameneyu ndi amene adadzalandira mendulo ya Fields mu 2006 kaamba ka ntchito zake zina. Kotero ganizo la Rauch, monga lidanenedwera pa malata onse, lidagwa.

Umboni wawo ndi wautali, koma chithunzi ichi chingatithandize kumva m'mene zotere zimathekera. Jambulani bwalo la thirayango ya mbali zofanana, mbali iliyonse mamita 12, lotchingidwa ndi mpanda. Pa ngodya iliyonse pali kakhomo kakang'ono, ndipo kuchokera pa kakhomo kalikonse pali kanjira kopanikiza. Tinjira titatuti timakakumana ku bwalo lina lakutali. Bwalo la thirayango likhale lotentha, linalo lozizira. Kutentha kungathawe kudzera pa ngodya zitatu zokha. Tsono malo akutali koposa ndi makomo ndi ati? Mukaima pa mpanda, pakati pa mbali imodzi, khomo lapafupi lili mamita 6. Mukaima pakati pa bwalo, khomo lililonse lili pa mtunda wa 12 kugawa ndi sikweya ruti ya 3, ndiye kuti mamita 6.9. Pakati ndiye patali, ndipo ndi pamene kutentha kumachedwa kuchoka.

Mabowo aja akuchokera kuti? Tinjira titatu tochoka malo amodzi n'kukakumananso kwina timatsekera mipata iwiri pakati pake, ndipo mipata imeneyi ndiyo mabowo a lata. Mukati mupewe mabowo popatsa kanjira kalikonse bwalo lake-lake, zinthu zimasintha, pakuti funde lotsalira limasankha limodzi la mabwalo akunjawo kukhala lotentha ndi lina lozizira, ndipo thirayango ya pakati imangokhala njira yodutsamo. Mu 2005 Burdzy adapeza lata la bowo limodzi lokha limene nalonso limakana. Chimene chidatsala tsono ndi malata opanda bowo, makamaka aja otchedwa convex. Lata la convex ndi limene mukasankhapo madontho awiri alionse, mzere woongoka wowalumikiza sutuluka kunja. Dzira, rekitango ndi thirayango ndi a convex, pamene chikwakwa kapena chilembo cha L si convex.

Mungaganize kuti thirayango, chinthu chimene tidayamba kujambula ku pulaimale, idatha kale-kale. Ai ndithu. Nyerere ziwiri zija zimalephera pa thirayango imene ngodya zake zonse ndi zochepera madigiri 90, chifukwa makoma ake akhoza kuzitembenuza mpaka ya kumanzere ipezeke kumanja. Mu 2012 akatswiri ambiri a m'maiko osiyana-siyana, mmodzi mwa iwo Terence Tao, adagwirizana kulimbana nayo pamodzi m'ntchito yotchedwa Polymath 7, ndipo adapita patsogolo koma osamaliza. Umboni wa mathirayango onse udasindikizidwa mu 2020 ndi Chris Judge ndi Sugata Mondal, patatha zaka 46 chiperekere ganizo lake Rauch. Njira yawo idali yoyamba ndi thirayango imene yankho lake likudziwika, n'kumaisintha maonekedwe pang'ono-pang'ono kufikira isanduke thirayango ina iliyonse, uku akuonetsa kuti nsonga siingabadwe mkati pa ulendo wonsewo.

Ena adafunsa funso lina: pamene lata lakana, limakana ndi mlingo wotani? Mu 2021 Stefan Steinerberger adatsimikiza kuti, lata likhale la maonekedwe otani, msinkhu wa funde mkati sungapose wa m'mphepete koposa ka 60. Posakhalitsa Phanuel Mariano, Hugo Panzo ndi Jing Wang adatsitsa nambalayi kufika pa 5.1 ndi kanthu pang'ono pa malata ophwatalala. Koma malata okana amene Andreas Kleefeld adawawerengera pa kompyuta nthawi yomweyo adapitirira mphepete ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000. Pa nthawiyo pakati pa 1.001 ndi 5.1 padali mtunda waukulu, ndipo kuchepa kwa gawo limodzi mwa 1,000 kukutionetsanso chifukwa chake funsoli silingathe ndi themometa. Nsonga yotere palibe dzanja limene lingaimve.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti chinthu chilichonse cha convex chimamvera Rauch. Lata lili ndi miyeso iwiri, m'litali ndi m'lifupi. Njerwa ili ndi itatu. Masamu amalola kulingalira zinthu za miyeso 10 kapena 1,000, ngakhale sitingazijambule, ndipo funso la kutentha limafunsika bwino-bwino kumenekonso. M'mwezi wa Disembala 2024, Jaume de Dios Pont adaonetsa kuti miyeso ikachuluka kwambiri, pali zinthu za convex zimene nsonga yake yotentha ili mkati. Umboni wakewo umadalira kuchuluka kwa miyesoko, ndipo pa lata la miyeso iwiri sunena kanthu. Pamene iye ankalemba zimenezi, panalibe munthu amene adali atatsimikiza ganizo la Rauch pa malata onse a convex, ndiponso panalibe amene adali atadula lata lopanda bowo limene malo ake otentha koposa ali mkati.